Thabwa la Mlombwa pa Miyendo ya Paini

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cholephera kupeza ina. Ndinachoka kwathu ku Kasungu ndi khadi la chipani m'thumba, pulena yopalira matabwa ya malemu bambo anga m'chikwama, ulendo wa ku Chikangawa kumene ankati ntchito yocheka matabwa ili mbwee. Nditafika anandiuza kuti malo adzaza. Ndinatsikira pa Mzimba boma manja ali lende, n'kumagona kwa mlamu wa msuweni wanga, ubale wochita kukoka ndi chingwe. Lamlungu lina titatuluka mu Misa ndinamva kuti ku shopu ya parishi akufuna mnyamata wodziwa kupala matabwa.

Kapitawo wa kumeneko anali a Nyirenda, munthu wamfupi, wouma kuseka. Za sukulu sanandifunse. Anangondiponyera thabwa lopindika n'kuti, "Wongola ili." Nditalipala anaikapo sikweya, n'kulisuzumira ndi diso limodzi. "Mbwenu ubwere mawa," anatero, ndipo kulembedwa ntchito kwanga kunali komweko.

Zaka zimenezo Misa inali kusintha. Chikulire changa wansembe ankaima motifulatira, nkhope ili ku guwa logunda khoma, akupemphera m'Chilatini. Tsopano kunabwera mawu akuti Misa izichitika m'chinenero cha anthu, chomwe kuno chinali Chitumbuka, ndiponso wansembe aziyang'ana mpingo. Choncho nthambi iliyonse ya parishi inafunika guwa latsopano longa tebulo, loti munthu n'kulizungulira. Zifukwa zake ankazidziwa ansembe, koma thukuta linagwera ife akalipentala.

Tinkagwiritsa ntchito paini wa ku Chikangawa. Matabwa tinkawaumitsa pamthunzi, timitengo tili pakati kuti mphepo izidutsa. Akauma tinkawapala, kulemba mizere ndi sikweya, kucheka ndi sowo, n'kuboola molumikizira ndi tchizulo. Pakati pa thabwa la pamwamba tinkasema malo a ngodya zinayi okhalamo mwala wodalitsidwa, umene ife sitinkaugwira ndi manja osakulunga nsalu yoyera. A Nyirenda anali ndi lamulo limodzi limene ankalibwereza mpaka kutopetsa: "Mitengo iwiri yosiyana usaimate ndi guluu. Mvula ikabwera wina afufuma msanga, wina mochedwa. Ukaithina ing'ambika. Khoma zikhomo, bowo ulikulitse pang'ono."

Patapita miyezi a Nyirenda, podandaula msana, anandituma ndekha koyamba, ku nthambi ina chakumwera, kupitirira Edingeni. Ndinapakira miyendo ndi thabwa la paini m'ngolo ya ng'ombe, kuti Loweruka ndichotse guwa lakale n'kuimika latsopano, popeza Bambo Mfumu ankabwera mawa lake. Ndinanyamuka ndikudzimva kuti ndakula. Sindinkadziwa kuti a Nyirenda anali ndi chifukwa chodwalira msana sabata imeneyo.

M'katchalitchi ka kumeneko, ka njerwa zosaotcha kofolera udzu, ndinapeza mkulu wina atakhala pa sitepe ya guwa, ndodo ili pamiyendo. Anali a Paulo Jere, amene anatumikira Misa ya Chilatini chiyambire unyamata wawo. Amayi omwe ankasesa panja anali atandinong'oneza kale kuti mkuluyo walumbira: guwa likatuluka, alitengera kwawo, ndipo iye ndi ana ake ndi akamwini ake azikapemphera komweko. Dera limenelo Akatolika anali ochepa pakati pa anzathu a mpingo wa ku Embangweni, ndipo a kwa Jere anali pafupifupi theka la nthambi yonse. Ndinaona kuti ndikalakwitsa, mawa Bambo Mfumu apeza tebulo lokongola ndi mabenchi opanda anthu.

Ndinagwada n'kupereka moni. Anayankha bwinobwino, kenako anagogoda thabwa la pamwamba pa guwalo.

"Mlombwa uwu, mwana wane. Tinacheka ndi mkulu wanga pa dzenje, iye pamwamba, ine pansi, utuchi m'maso. Iye anakafera ku migodi ku Joni. Iwe wabwera ndi vichi? Paini?"

Ndinati ndangotumidwa, ndipo Misa yatsopano ndi yabwino chifukwa anthu akumva zimene zikunenedwa. Anandiyang'ana mondimvera chisoni.

"Iwe Mchewa, Chitumbuka ukuchimva?"

Ndinavomera kuti ndimangotolako apa ndi apo.

"Waona. M'Chilatini tonse tinali alendo mofanana, iwe, ine, ndi wansembe wathu yemwe, mzungu wa ku Kanada." Anatsitsa mawu, poti masiku amenewo makoma anali ndi makutu. "Dzana atichotsera chiyankhulo chathu pa wailesi, osatifunsa. Lero guwa, osatifunsa. Ndipo undiuze, tikapita kwa inkosi, nduna yotiyankhulira imayang'ana ndani? Imatipatsa msana chifukwa ili mbali yathu. Ikatembenuka n'kuyang'ana ife, mbwenu yatiimirira kapena ikutiweruza?"

Kunena zoona mawuwo anandilowa. Ine ndinkakonda kuona manja a wansembe akunyema mkate, chinthu chimene ubwana wanga wonse chinabisika kuseri kwa chovala chake. Koma sindikanatha kunena kuti mkuluyu akunama. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi kuti ndabwera ndi hamala pa nkhani yofunika makutu.

Dzuwa litapendeka ndinagonja. Ndinati, "Adada, ngati mukulitenga, ndiloleni ndikuchotsereni bwinobwino, lingathyoke pokweza m'ngolo." Anaganiza, n'kudzuka pa sitepe paja. Ndinakulunga mwala wodalitsidwa m'nsalu n'kuuika pambali, ndinazula misomali yolowa kukhoma, ndipo tonse awiri tinakoka.

Guwalo linangoti khwefu, kugwada. Kumbuyo kwake konse, kumene kunagunda khoma zaka zonsezo, chiswe chinali chitamaliza. Mizati inali dothi lokhalokha, yongotsala khungu. Kutsogolo kokha, kumene amayi ankapukuta Loweruka lililonse, ndiko kunkaoneka kwamoyo. A Jere anatola chidutswa, chinafumbutuka m'manja mwawo. Anangoyang'anitsitsa dothilo. Ndinawamvera chisoni kwambiri, moti ndikanakonda akanandikalipira.

Posowa chochita ndinagogoda thabwa la pamwamba ndi chigwiriro cha tchizulo. Linalira ngwe, ngwe, kuchokera uku mpaka uko. Mlombwa chiswe sichiuyamba wamba.

"Adada, ili ndi lamoyo. Miyendo ndili nayo panjapo. Bwanji tiliike pamenepo?"

"Thabwa langa likwere pa paini?" anatero, ngati ndawauza kuti mwana wawo akwatiwe ndi mlendo wosadziwika kwawo. Anatuluka, anakazungulira ngolo, n'kutsina mwendo umodzi ndi chikhadabo. "Wofewa chomene. Koma wawongoka." Anaunyamula okha kulowa nawo.

Tinagwira ntchitoyo awiri. Ine ndinafupikitsa mitanda kuti igwirizane ndi muyeso wa thabwa lakale, iwo anasema zikhomo ndi mpeni wawo. Mbali ya mlombwa imene inkagunda khoma inali yosapala chichekereni, ndipo ndi kumene wansembe aziima tsopano. Ndinawapatsa pulena ya bambo anga, anapala okha, pang'onopang'ono, mpaka mtundu wofiirira unatuluka. Poboola ndinakulitsa mabowo monga mwa lamulo la a Nyirenda, guluu osamutsegula n'komwe.

Poimika ndinayeza mpata wochoka kukhoma umene tinkasiya kulikonse, wokwana wansembe kuima ndi kugwada. A Jere anapukusa mutu. "Sendeza kutsogolo." Ndinasendeza. "Wonjeza." Ndinadandaula kuti tikudya malo a kwaya, koma anaumirira, ndipo ine ndinali nditatopa nazo zokangana. Za mawa sananene kanthu, kaya abwera kaya sabwera.

Lamlungu tchalitchi chinadzaza mbali imodzi. Mabenchi a kwa Jere anali mbee, ndipo mtima wanga unali m'malere. Bambo Mfumu atavala, tinamva ndodo pakhomo. Mkulu uja analowa, ana ndi akamwini ndi zidzukulu zili pambuyo. Iwo anakhala m'malo awo, koma iye anapitirira, anatenga kabelu ka wotumikira, n'kukagwada kuseri kwa wansembe, mu mpata uja anandiumiriza kuwonjeza. Apo m'pamene ndinazindikira. Mpingo wonse unkaona nkhope ya wansembe, a Jere okha ankaona msana wake, monga ankachitira moyo wawo wonse. Anthu akamayankha m'Chitumbuka, kuseriko kunkamveka kamawu kotsika ka Chilatini. Bambo Mfumu anacheuka kamodzi, anasisita mlombwa uja ndi dzanja, n'kupitiriza Misa.

Ndinabwerera ku boma ndi thabwa la paini lili m'ngolo, ndikukonzekera kukalipiridwa. A Nyirenda anamvetsera nkhani yonse, msana utachira bwinobwino, n'kufunsa chinthu chimodzi: "Unamata?" Ndinati ayi, zikhomo zokha. "Mbwenu," anatero, n'kubwerera ku sowo wawo.

Masiku ano ndimamva achinyamata ena akuti Chilatini chibwerere, ena akuti ng'oma ziwonjezeke, ndipo ophunzira akufunafuna njira yoti Misa zonsezi zidzakhale imodzi. Ine za mabuku sindizidziwa. Chimene ndinatenga pa ntchito ija n'chakuti chakale uzichikoka kaye kukhoma n'kugogoda, chifukwa china chimakhala chitadyeka, china chikadali chamoyo, ndipo sungadziwe uli patali. Ukachilumikiza ndi chatsopano, usathine.

Ku nthambi ija ndinapitako komaliza pa maliro a mdzukulu wina wa a Jere, iwo atagona kalekale. Tchalitchi anamanga china cha malata, koma guwa ndi lomwe lija, losang'ambika paliponse. Ndinaona kuti analiimika kutali ndi khoma kuposa muyeso, ndipo nditafunsa, mtsogoleri wa nthambiyo anati sakudziwa chifukwa chake, anangotengera mmene linalili m'tchalitchi chakale. Kwaya inali yothithikana, koma mpata uja palibe anaukhudza.