Mbuzi Zogulira Madimba

Ndinayamba kudandaula za nkhaniyi m'kalata kwa akulu athu Lolemba lina titangotha kuthyola thonje, chaka chachiwiri nkhondo ya Azungu itatha. Ndinadandaulanso mvula itagwa, kenaka pa masika. Kalata iliyonse ndinkailemba pawiri, ndipo zotsala kwa ine zili m'bokosi limodzi ndi ziphaso zanga za msonkho. Yankho silinabwere.

Malo amene tinkalima, kuchokera pa njira ya ku Makhuwira kutsikira kumadimba a m'mbali mwa Shire, anali m'manja mwa Mzungu wina wolima thonje. Tinkamugwirira thangata kuti tikhalepo. Thonje litamukanika, anati akubwerera kwawo. Anatipatsa zaka zitatu kuti tipeze ndalama zogulira chigawo cha kumtsinje, ndipo tikalephera adzagulitsa kwa kampani. Dimba la malemu mkazi wanga lili m'chigawo chimenecho. Ana athu aakazi ndiwo amalimamo, ndipo alibe kwina.

Tinasankha akulu oyendetsa zosonkha, ena a mumpingo, ena a m'mudzi. Popeza ndalama zinali zosowa, ndipo yopezeka inkathera ku msonkho, iwo anagamula kuti nyumba iliyonse ipereke mbuzi yaikazi. Anati mbuzi imaswa, shilingi siiswa. Sindinatsutse. Ndinapereka yanga, koma ndinakana kuchoka mpaka mlembi wawo atandilembera kapepala kosonyeza kuti ndapereka. Anthu anaseka.

Mbuzi zambiri sizikhala bwino kudambo, choncho anazitumiza kumtunda, ku Chapananga, kwa mlamu wa mmodzi mwa akuluwo, munthu wodziwa ziweto. Kwathu kuno ukaikiza mbuzi kwa munthu, mwana woyamba amakhala wako, wachiwiri wa woweta. Mwambowu amaudziwa aliyense, n'chifukwa chake palibe anautchula. Koma akulu poyerekeza kuchuluka kwa mbuzi pofika chaka chachitatu, anawerenga ana onse ngati athu. Ndinamva zimenezi ndi makutu anga pa msonkhano, ndipo ndi tsiku lotsatira limene ndinalemba kalata yoyamba.

Nditaona kuti akhala chete, ndinapita ndekha ku Chapananga wapansi. Woweta uja anandilandira bwino, nandipatsa thobwa la mapira. Sanabise kanthu. Anandionetsa makola awiri, lathu ndi lake. Mbuzi zathu anazidula khutu lamanzere. Lake linali lodzaza ndi timbuzi tonenepa, lathu linali ndi zazikulu zokalamba zomwe tinapereka zija ndi theka la ana. Anatulutsanso zikopa za zimene zinafa ndi matenda kapena kugwidwa ndi fisi, zonse zodulidwa khutu, pakuti nkhalamba ndizo zimayamba kufa. Munthuyo si wakuba. Anachita monga amachitira aliyense woweta za mnzake, ndipo palibe anamuuza zina.

Nditabwerako ndinafotokoza zimenezi kwa akulu titatuluka m'tchalitchi. Ndinafunsanso kuti ndani adzagula mbuzi zonsezo mwezi umodzi, pakuti ogula a ku boma ku Chikwawa akaona kuti tili pa changu adzatchula mtengo wawo, ndipo a sitima zapamadzi amatenga ziwiri kapena zitatu basi. Mkulu amene mlamu wake amaweta uja anaseka.

"Achimwene, inu ndi mapepala anuwo. Mukufuna mbuzi nazo zidinde chala?"

"Ayi, akulu," ndinatero. "Wodinda ndi Mzungu, ndipo zikopa salandira."

Wina anati ndikugwetsa anthu mphwayi. Wina anati Mulungu adzaona. Anayamba kukamba za denga la sukulu, ine ndikanali chiimire.

Ana anga anandipempha kuti ndisiye, chifukwa akazi anzawo kumtsinje ayamba kuwanena kuti bambo wawo amakonda milandu. Ndinawafunsa kumene adzabzale chimanga cha m'chilimwe ngati kampani ikhoma zikhomo zake pa dimba la mayi awo. Ngakhale ine sindikudziwa.

Tsopano thonje la chaka chachitatu layamba kuphulika. Choncho ndikupempha mwaulemu akulu oyendetsa zosonkha kuti aitane nyumba zonse zimene zinapereka, anene poyera mbuzi zimene zili zathu, mtengo umene akuyembekeza, ndi kumene kudzachokera zoperewera. Ndikupempha kuti yankho lake lilembedwe, ndipo lindipeze thonjeli lisanathyoledwe.