Vayirasi Yolembedwa Pabalaza

Mbama yoyamba anailandira m'chaka choyamba cha ukwati, mlandu wake kuseka nthabwala ya mwamuna wina m'basi. Kuntchito ankamutcha Mphunzitsi ngakhale sanagwirepo choko, ndipo akafika ndi mlomo wotupa ankati wadzigunda pachitseko. Chitseko chimenecho chinali chankhanza zedi, chogunda munthu mwezi ndi mwezi, koma anzake a mu ofesi, anthu ophunzira mpaka mapepala kudzaza khoma, ankangoti pepani nkubwerera pamipando yawo.

Ntchito yake inali yophunzitsa kompyuta kuzindikira mavayirasi, timapulogalamu toipa timene akuba amatumiza m'makompyuta a eni. Ankaionetsa zitsanzo zankhaninkhani: iyi ndi yoipa, iyi ndi yabwino. Kompyutayo inafika pozindikira ngakhale kalembedwe ka munthu, monga mayi adziwira mwana amene walemba pakhoma ndi makala. Kampani yawo inkateteza makompyuta a chipatala china chachikulu, ndipo Mphunzitsi ankaikonda ntchitoyi ndi mtima wonse, chifukwa ndi kokhako kumene ankapuma.

Koma pachiyambi penipeni anachita chinthu chimene sanauze munthu. Zitsanzo za mapulogalamu abwino zitamuchepera, anatenga mazanamazana a mwamuna wake, amene naye anali wolemba mapulogalamu asanachotsedwe ntchito chifukwa choswa mnzake mutu ndi mpando, nkuwaika onse kumbali ya abwino. Ankati akufulumizitsa ntchito. Mwinanso ankafuna kuti pakhale pamalo pamodzi pokha pamene bamboyo walembedwa kuti ndi wabwino.

Lachiwiri lina m'mawa makompyuta onse a pachipatala paja anatsekeka. Madokotala sanathe kuona kuti wodwala uti akulandira mankhwala ati, ndipo mayi wina anafera pabenchi akudikira zotsatira za magazi. Ku ofesi kwa Mphunzitsi, abwana anamenya tebulo mpaka kapu inagwa nkusweka.

"Galu wanu uja wagona, Aphunzitsi! Wakuba walowa dzuwa likuswa mtengo, iye osauwa nkomwe?"

Mphunzitsi anatsegula vayirasiyo nkuyamba kuiwerenga. Sanafike patali. Kadulidwe ka mizere, mayina opatsa zinthu, ulesi wobwereza cholakwa chomwecho, zonse zinali za mwamuna wake. Ndiye kuti kompyuta sinagone ayi. Inamuona wakubayo nkumulonjera, poti iye mwini ndiye anaiuza kuti ameneyu ndi wathu. Manyazi anamuposera mantha.

Apa ndi pamene ndimakwiya naye mayiyu. M'malo moti anene pompo, ananyamuka nthawi ya nkhomaliro kupita kunyumba, ati akamve kaye mbali ya mwamuna wake. Anamupeza pabalaza, laputopu ili pamiyendo, ali chifuwa pamtunda.

"Bambo, kuchipatala kuja kwafa munthu. Ndinu, eti?"

Bamboyo sanakane nkomwe. Anaika laputopu patebulo mwaulemu, nkumugwira tsitsi, nkumuwombetsa nkhope kukhoma. Atamuwombetsa kachiwiri mphuno inaphulika, magazi chuu pabulauzi. Mphunzitsi atagwa, anamuponda m'nthiti mpaka mpweya unamuthawa. Kuseri kwa khoma aneba anakweza wailesi.

"Iwe, anaika mapulogalamu anga m'makina mwanumo ndani? Si iweyo? Ukanditchula wadzitchula wekha. Tikamangidwa tonse, wamva?"

Kenako anamukokera patebulo, nkuika zala zake za kumanja pamabatani a laputopu, nkutseka chivundikiro ndi mphamvu zake zonse, nkukhalira ndi bondo. Zala zitatu zinathyoka, Mphunzitsi anazimva zikulira chimodzichimodzi. Dzanja lamanzere analipinda mpaka mfundo inaguluka.

"Kalembe tsopano tione," anatero bamboyo, nkupita kukasamba.

Zimene ananenazo zinali zoona, ndipo Mphunzitsi ankadziwa. Akatsegula pakamwa, ntchito yatha, mwina ndi ndende pamwamba. Akakhala chete, vayirasi ina ya munthu yemweyo idzalowanso mwaufulu, pabenchi padzafenso wina. Madzi akuwayawaya kubafa, anatsegula chitseko ndi chigongono nkutuluka wopanda nsapato.

M'basi anthu anamusiyira mpando wonse. Atalowa mu ofesi, aliyense anaimirira, koma iye analunjika kwa mnzake wa desiki yoyandikana, amene ankamutcha Chipewa.

"Achimwene, khalani pampando wangawu. M'kompyutamu muli chikwatu cha mapulogalamu a amuna anga. Achotseni kwa abwino, muiphunzitsenso kompyutayi, kenako muifunse amene walemba vayirasi ija."

Abwana anayandikira, mawu atatsika. "Mayi, mukudziwa kuti mukudzinenera nokha?"

"Ndikudziwa, bwana. Dinani, achimwene, ine zala ndilibe."

Anakana kupita kuchipatala mpaka kompyuta itamaliza. Inatenga maola awiri, iye atakhala pansi, magazi akuumira pachibwano. Itayankha, inaloza mwamuna wake mosakayika, ndipo abwana anaimbira apolisi.

Madzulo omwewo abwana anamuuza kuti malamulo ndi malamulo, asiye chiphaso cha ntchito pachipata. Mphunzitsi anayesa kukweza manja kuti achivule m'khosi, manja anakana. Anaweramitsa mutu pamaso pa mlonda, ndipo mlondayo, misozi ili m'maso, anamuvula chiphasocho.