Kabuledi ka Pansonga ya Chitenje

Kutchalitchi kwathu ku Nangongwe timadya Mgonero wa Ambuye Sondo iliyonse, ndipo abusa amakumbutsa kuti amene ali ndi chakukhosi ndi mnzake ayambe wakakonza asanadye. Sabata imeneyo ndinali nditatukwanizana ndi ba Mutinta, aneba anga, chifukwa nkhuku zawo zinandithera repu.

Mbale itandifika ndinaopa kuidutsitsa, poti azimayi a pabenchi pathu amaona zonse. Kudya nakonso ndinaopa. Ndiye ndinatenga kabuledi n'kukafumbata, n'kuyamba kutafuna malovu nditatsinzina ngati woyera mtima. Kapu ndinangoigunditsa pamlomo.

Kunyumba ndinasowa nako chochita. Kutaya sindikanatha, kupatsa nkhuku zomwe zija ndiye ayi. Ndinakamanga pansonga ya chitenje mpaka kanauma gwa.

Pa Chinayi ndinapita kwa ba Mutinta, n'kuwamasulira mfundo ija manyazi ali tho.

"Ninakuonani, bana Chipo," anatero akuseka. "Munatafuna maningi, koma palibe chinapita pamukosi."

Anatereka tiyi. Tinakanyema pawiri, aliyense kake kochepa ngati njere ya chimanga, tinadya nkhuku zawo zikutiyang'ana pakhomo.