Kachitsulo ka M'lichero

Ndinachoka ku Nkhulambe chaka cha njala ya 1949, kusiya mkazi wanga Esinati ndi mwana wa miyezi inayi. Ndinali mkamwini, munda unali wa kwawo kwa mkazi, ndipo chaka chimenecho sunatulutse ngakhale dengu limodzi. Ndinawauza kuti ndikupita ku Halale zaka ziwiri. Ndinakhalako zisanu ndi zitatu.

Ntchito ndinaipeza pa galaja ina mu Sozibele. Ndinayamba ndi kusesa, kenako kutsuka zitsulo m'palafini. Patapita zaka kunayamba kufika mapikapu a ku Amereka osintha magiya okha, opanda chopondera cha kilachi. Amakaniko ambiri ankawaopa. Mwini galaja anaona kuti sindisokoneza zitsulo ndikamatsuka, ndiye anandiika pa tebulo la magiyabokosi amenewa. Malamulo anali atatu: chitsulo chilichonse chiikidwe mu ndondomeko imene chatulukira, fumbi lisafikepo, ndipo nsalu isakhudze m'kati, chifukwa kaulusi kamodzi kamatseka njira ya oyilo.

Ndalama ndinkatumiza pa positi miyezi itatu iliyonse. Lamulungu ndinkachapa ovololo, n'kukhala pakhomo pa chipinda cha anthu asanu ndi mmodzi, osadziwa chochita ndi manja anga. Makalata a Esinati, amene mphunzitsi ankamulembera, ankanena za mvula ndi mano a mwana. Ya mu 1957 inachokera kwa atsibweni ake, a Namakhwa, ndipo inali ndi mizere iwiri: "Positi siilima munda. Mvula ikagwa inu kulibe, mwana wathu Esinati timumasula pa ukwati."

Ndinafika mu Ogasiti ndi bokosi la masipanala. Mwana wanga Mere anandigwadira ngati mlendo. A Namakhwa anakweza bokosilo, n'kulitsitsa.

"Anzanu amabwera ndi njinga, ena makina osokera. Inu mwatitengera zitsulo. Tiziphika?"

Pa sitolo ya Che Saidi, wamalonda amene ankagula nandolo wa mudzi wonse, panali pikapu yakufa. Anaigula kwa mzungu wa ku esiteti ya tiyi ku Mulanje. Nditasuzumira ndinaona zopondera ziwiri zokha: inali ya magiya osintha okha. Dalaivala wake anafotokoza monyadira: anapeza oyilo wa m'giyabokosi ali wamadzimadzi ngati tiyi, anaganiza kuti mzungu anawabera, ndiye anamukhetsa n'kuthiramo wolimba wa lole. Galimoto inafera pa chitunda cha pakati pa mapiri a Michesi ndi Mulanje, ng'ombe n'kuikoka kubwera nayo. Matumba a nandolo anali ataunjikana pakhonde, anankafumbwe atayamba kale ntchito.

"Mukaidzutsa, ndiye kuti ku Halale munapitadi," anatero Che Saidi.

A Namakhwa anangoti, "Tione."

Oyilo woyenera ndi mbale zatsopano za kilachi ya m'kati mwa giyabokosi tinaitanitsa ku Limbe, ndipo zinatenga masiku khumi ndi awiri. Vuto linali malo. Mu Ogasiti mphepo ya ku chigwa cha Phalombe imalowetsa fumbi ngakhale m'mano. Esinati anamva ndikudandaula. Anatulutsa katundu m'nyumba imene anamangitsa ine kulibe, anazira pansi, anatseka zenera ndi mphasa yonyowa, n'kundiyalira malichero asanu ndi awiri. Lichero lililonse linalandira gawo lake la giyabokosi.

Mbale zakale zinali zitapserera. Ndinatsuka zonse m'palafini, n'kuziumitsa ndi pampu ya njinga. Ndinawonjezanso chimene fakitale sinaike: paipi yamkuwa yopindapinda kutsogolo kwa ledieta, kuti oyilo azizizira pokwera chitunda chija.

Tsiku lachinayi, pomanga, ndinawerenga timipira tachitsulo timene timatsegula ndi kutseka njira za oyilo. Kamodzi kanasowa. Kukula kwake ngati njere ya mapira, koma popanda iko galimoto siichoka pa giya yoyamba, ndipo ku Limbe sakanakhala nako. Ndinakwawa nyumba yonse. Panja anthu anali atamva kale.

"Mtchona wataya mankhwala ake!" wina anakuwa, anthu n'kuseka.

Esinati analowa ndi tsache. Anasesa nyumba yonse mpaka m'ngodya, anawolera zinyalala m'lichero, n'kukhala pakhomo kuyamba kupeta. Fumbi linauluka, timiyala tinasonkhana kutsogolo. Kenako tinamva kulira kwina, kolemera, kukugubuduka pa nsungwi. Anakatola ndi zala ziwiri.

"Ndi aka mukulirira, bambo a Mere?"

"Wadziwa bwanji kuti kapezeka choncho?"

"Chaka cha njala ndinkapeta dothi la pansi pa nkhokwe kufuna maso a chimanga. Inu munali mutapita."

Zimenezi m'makalata munalibe. Ine ndinkaganiza kuti mudziwu unkakhala ndi moyo chifukwa cha mapositi oda anga.

Loweruka pikapu inakwera chitunda ndi matumba khumi, ikusintha magiya yokha, Che Saidi atagwira chipewa. Titabwerako a Namakhwa anayendera galimoto mbali zonse, kenako anapita kuseri kwa nyumba n'kubwera ndi khasu.

"Mwaidzutsa, taona. Koma galimoto yotere kuno ndi imodzi, ndipo mwaikonza kuti isafenso. Mudya chiyani mawa?"

Funsolo linali loona. Ndinalandira khasulo ndi manja awiri, ndipo za kumasula mwana wawo sanazitchulenso.

Pikapu inyamuka Lolemba kupita ku Limbe ndi nandolo wotsala. Ine sindikwera nawo. Esinati wandionetsa ndime yanga kumunsi kwa munda wa chinangwa, ndipo akuti mizere ikhale itatha mvula yoyamba isanagwe. Wati matuza a m'manja atuluka tsiku lachiwiri.