Mazira Awiri a Rhoda NyaManda

Rhoda NyaManda anali wa ku Chintheche, koma zaka zake zambiri anathera ku Msongwe, kumene amuna ake, a Zebedee Kamanga, ankaphunzitsa kupulayimale. Iye ankasoka mayunifolomu pakhonde la sitolo ina m'tauni. Kukhala pamakina tsiku lonse kunamubweretsera thupi, ndipo anthu ankamusirira. "Banja lakuyanjani chomene," ankatero.

Mu 1986 mutu unayamba kumuvuta, miyendo n'kumatupa. Kuchipatala namwino atamuyeza anapukusa mutu.

"Mama, thupili likupwetekani. Chepetsani nsima ndi shuga. Muzidya nsomba, nyemba, nyama yopanda mafuta, ndi mazira awiri m'mawa. Zimenezi zimakhalitsa m'mimba, njala simuimva msanga."

"Yewo," anathokoza Rhoda.

A Zebedee, munthu wosatsutsa anthu ophunzira, anagula nkhuku zinayi zoikira. Koma pakhomopo panali ana asanu ndi atatu: anayi awoawo, enawo a abale akunyanja odzaphunzira m'tauni. M'mawa woyamba Rhoda anasenda mazira ake, ana akumwera tiyi mbatata, maso onse ali pambale yake. Anadya dzira limodzi lokha. Anadula lotsalalo tizidutswa n'kuwagawira. Anayesa kudyera kuseri kwa khitchini choimirira, koma anadziona ngati wakuba m'nyumba yake yomwe, ndipo mazirawo anawasiya.

Anatsalira usipa ndi nyemba, nsima kambamu kamodzi. Pakutha miyezi itatu madiresi anayamba kumukhwepa, mutu unaleka kuwawa, ndipo chitunda cha kwawo ankachikwera osapumira panjira.

Mbiri inafika kunyanja kuti Rhoda watha. Apongozi ake, mayi a Zebedee, anatulukira pabasi ndi thumba la ufa wa chinangwa.

"Iwe Zebedee, mwana wa eni ake ukumupha ndi njala? Kwawo tikayankha chiyani?"

"Amama, ndi achipatala anena."

"Chipatala chinayamba liti kuletsa munthu kondowole?"

Apongoziwo anakhala miyezi inayi, akuphika okha, ndipo ankakhala pambali pa Rhoda mpaka mbale itayera. Rhoda ankaponya maso kwa amuna ake, iwo n'kuzolika. Kukana chakudya cha apongozi anakuyesa kamodzi kokha. Mayiwo analira, nayamba kumanga katundu, ndipo Rhoda anachita kugwada powapepesa. Thupi linabwerera, n'kuposa kale.

Chaka chotsatira, ali pamakina masana, mwendo wakumanja unakana kupalasa. Anafuna kuitana mwini sitolo, koma pakamwa panali patapotoka. Anatuluka m'chipatala wamoyo, koma osayenda, mawu akumveka mwa apo ndi apo. Makinawo anatenga mng'ono wake Judith.

Rhoda anakhala pampando zaka zisanu, ndipo anamwalira m'nyengo yozizira ya 1992. Anakamuika ku Chintheche. A Zebedee sanakwatirenso. Munthu akawafunsa za matenda a akazi awo, ankangoti, "Anatiuza ndithu achipatala. Koma tikanatani?"