Mizere Itatu ya a Musakhudze

Dzina lakuti Musakhudze sanabadwe nalo. Linachokera pa kapepala kolembedwa mawu amenewo kamene anamata pa kompyuta yakale ya pakona mu ofesi, pafupi ndi zenera losatseguka. Kapepalako kanayoyoka kalekale, dzina linatsala. Ngakhale akazi awo akapsa mtima amawaitana lomwelo.

Anayamba ndi kukonza mawailesi pakhonde la sitolo ya amalume awo. Kenako makina otayipira a m'maofesi, kenako makompyuta. Sukulu ya zimenezi sanapiteko. Anaphunzira pomasula zinthu za eni ake n'kuzibwezera eniwo asanatulukire. Pofika zaka 58 anali ndi magalasi awiri, kope lachikuto chofiira, ndi ntchito pa kampani ya anthu asanu ndi mmodzi.

Kampaniyo inkadyera pulogalamu imodzi, yosindikiza timapepala tomata pa timabotolo ta magazi ku labotale ya chipatala. Kapepala kalikonse kamakhala ndi nambala ndi timizere takuda. Wa ku labotale amalozetsa sikana pa timizereto, sikana n'kulira kuti tii, kompyuta n'kudziwa kuti magaziwa ndi a uje. Sikana ikapanda kulira, magazi alibe mwini.

Pulogalamu ikasinthidwa imayenera kumangidwanso, ndipo yabwinobwino inkamangika pa kompyuta ya pakona yokha. Aliyense wosintha kanthu ankabwera nako kwa a Musakhudze, n'kuima pambali. Chifukwa chake ankachidziwa iwo okha. Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo anasintha kanthu ndi manja m'fayilo ina, osalemba m'kope. Poyamba kunali kuiwala chabe. Chaka chimene anzawo awiri anachotsedwa ntchito iwo n'kutsala, anaona kuti kusalembako ndiko kwawasunga. Ana onse atatu anali pasukulu. Anasiya dala.

Sabata ina zinthu ziwiri zinakumana. Manambala a timabotolo anali pafupi kutha, ndipo pofika Lachitatu lotsatira pulogalamu inayenera kusinthidwa ndi kumangidwanso, apo ayi labotale iima. Ndiye mwini nyumba analengeza kuti mawaya onse a magetsi asinthidwa. Magetsi azima Lachisanu folo koloko mpaka Lolemba. Bokosi la mabatire linkasunga moto ola limodzi. Kompyuta ya pakona inali isanazimitsidwepo kwa zaka zisanu ndi ziwiri, chifukwa ulendo womaliza inatenga masiku awiri kuti idzuke, ndipo tsopano disiki yake inkagogoda ngati munthu wodikira pakhomo.

Abwana anali mayi wosazungulira polankhula, ndipo kusintha kwa manambalako ankalemba ndi iwo omwe. Lolemba m'mawa anaima pa desiki ya a Musakhudze.

"Madala, zonse za makinawa zinalembedwa?"

"Zonse, abwana."

"Ndiye muuzeni Kalaliki amange kontena."

Kalaliki linali dzina limene a mu ofesi anapatsa pulogalamu ya AI yothandiza kulemba mapulogalamu. Umailembera, imayankha, ndipo ukailola imachita yokha pa kompyuta. Kontena ndi kachipinda kotsekeka mkati mwa kompyuta, kokhala ndi zida zake zonse, kosabwereka kanthu kunja. Imamangidwa potsata fayilo imodzi ya ndondomeko. Ndondomeko ikakhala yokwanira, kontena imatuluka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse, ngakhale uifafanize kakhumi.

Masiku anayi a Musakhudze anakhala akumuuza Kalaliki za m'kope, tsamba ndi tsamba. Kalaliki anafunsa ngati atenge zida zatsopano. Iwo anakana, anati atenge zakale zomwezo, chilichonse ndi nambala yake, ndipo azisunge pamodzi ndi ndondomeko kuti pasadzafunike intaneti. Kalaliki anachita. Sankatsutsa, sankatopa, ndipo akalakwitsa ankavomera msanga kuposa munthu aliyense amene anagwirapo naye ntchito. A Musakhudze sanamukonde, koma sanamupezenso chifukwa.

Kanthu kaja sanamuuze. Ankati alowa mu kontena mwakachetechete n'kukasintha ndi manja ngati kale. Koma Lachinayi abwana ananena kuti mayeso achitikira pa laputopu yawo, kontena imangidwe kuchokera pa ndondomeko yokha, a Musakhudze manja ali m'thumba. Anabwera kuntchito Lachisanu atagonja mumtima. Kanthuko apereka, koma pomalizira penipeni.

Thu koloko itangokwana, Kalaliki analemba kuti pulogalamu yamangika. A Musakhudze anasindikiza kapepala n'kulozetsa sikana. Zii. Sanadabwe.

Kalaliki analemba kuti: "Za m'kope mwanu ndatsata zonse, koma timizereti tikusiyana ndi ta makina akale. Pali chimene chinachitika kumeneko chimene sindinauzidwe. Munasinthapo fayilo ina ndi manja?"

A Musakhudze anasuzumira ku chipinda cha abwana. Chitseko chinali chotsegula, abwana ali pa foni. Anaika zala pa kiyibodi kuti alembe dzina la fayilo ija.

Munalibe kanthu m'mutu.

Ankakumbukira kuti nkhani inali ya kukula kwa timizere, chifukwa pulinta ya ku labotale imamwaza inki. Ankakumbukira kuti tsikulo kunkagwa mvula, ndipo mwana wawo wamkazi anali atathyoka mkono. Ngakhale malaya amene anavala ankawaona. Dzina la fayilo linali litapita. Anavula magalasi, anavala enawo, ngati vuto lili m'maso.

Nthawi yomweyo kunalowa makwerero, pambuyo pake mwini wake. Mkulu wa amagetsi anali mlongo wa akazi awo.

"Alamu, mwatuwa bwanji? Achemwali anakumanani tiyi?"

"Folo koloko ija singakhale faifi?"

"Wodula si ine. Akudulira panja, pa polo, ndipo amenewo sadziwa zachilamu." Anagwedezera mutu ku kompyuta ya pakona. "Agogowa aloleni apumeko. Akutsokomola."

"Akapuma sadzuka."

"Ndiye mutiuze, tibwera ndi makasu. Nyimbo ndiyambitsa ndine."

A Musakhudze sanaseke. Mlamu anawayang'ana kachiwiri, ananyamula makwerero ake, natuluka osawonjezera.

A Musakhudze analosera. Anauza Kalaliki kuti m'fayilo yakutiyakuti asinthe 2 akhale 3. Kumanga kunkatenga mphindi 18, ndipo anazikhala zonse akuyang'ana wotchi ya pakhoma. Kapepala kanatuluka. Zii. Analosera fayilo ina. Mphindi 18 zina. Analozetsa sikana chapafupi, kenako chapatali, kenako chopendekeka. Zii. Nthawi inali itadutsa fili koloko.

Kalaliki analemba kuti: "Tikhoza kulosera mpaka magetsi azime. Njira yotsimikizika ndi kukopera mafayilo a chida chojambulira timizere kuchokera pa makina akale, n'kuwafananiza ndi oyambirira. Alipo 412. Sindilembamo kanthu, ndingowerenga. Koma disikiyo ndi yodwala, ikhoza kufa ndili mkati, ndipo sindingakulonjezeni. Mukundilola?"

Zaka zonsezi sanalolepo munthu kuwerenga disikiyo chonchi. Ikafa panopa, ndiye kuti kanthu kaja kafera momwemo, ndipo kulibenso kwina kumene kali.

"Madala."

Abwana anali kumbuyo kwawo. A Musakhudze sanadziwe kuti afika liti, koma abwanawo anali atawerenga zonse za pa sikirini.

"Lolemba munati zonse zinalembedwa."

"Ndinanama."

"Ndiye lembani pano."

"Ndaiwala."

Abwana anakoka mpando, nakhala. Anayang'ana timapepala titatu tosalira tili pa desiki.

"Mwaiwala chimene munkabisa."

"Eya."

"Lachitatu ku labotale kudzafika magazi a anthu mazana angapo. Ndikawauze chiyani, kuti azilemba ndi bolopeni?"

"Ndikudziwa, abwana."

"Zoti mukudziwa sizindithandiza. Muuzeni ayambe."

A Musakhudze analemba kuti inde. Chala chinaphonya, anafafaniza, analembanso.

Manambala anayamba kukwera pa sikirini. 40. 95. Disiki inagogoda, n'kupitiriza. 160. Mu ofesi aliyense anali atasiya zake, koma palibe amene anayandikira. Panja amagetsi ankakoka waya pa masitepe, wina akuimba mluzu. Pa 231 nambala inaima. Kugogoda kunasanduka kukwecha. A Musakhudze anaika dzanja pamwamba pa kompyutayo ngati mmene umagwirira mphumi ya wodwala. Inali yotentha.

"Fayilo imodzi yakana kuwerengeka," analemba Kalaliki. "Sindikakamira, ndailumpha. Ngati kanthuko kali mmenemo, ndikuuzani."

Nambala inayambanso kukwera. 232. 300. 412.

Kufananiza kunatenga kanthawi kochepa kwambiri, kochititsa manyazi. Fayilo imodzi yokha inali yosiyana, ndipo si imene inakana ija. Si imodzinso mwa ziwiri zimene analosera. Dzina lake analiwerenga ngati la mlendo. Munali mizere itatu yochepetsa timizere takuda pang'ono kuti inki ikamwazika mipata isatsekeke. Pamwamba pake panali mawu amene wosinthayo anadzilembera. Abwana anawawerenga mokweza.

"Za kanthawi. Ndikonza bwino mawa."

Wina kumbuyo anayamba kuseka, n'kumeza.

Kalaliki anaika mizere itatuyo mu ndondomeko, nafunsa chifukwa chake kuti alembe pambali. A Musakhudze anafotokoza za pulinta yomwaza inki, mawu osapitirira khumi. Mmene Kalaliki ankamaliza kusunga zonse pa laputopu ya abwana, folo koloko inali itatsala ndi mphindi 14.

"Tiyese kaye pa yanga," anatero a Musakhudze.

"Ayi. Pa yanga. Manja m'thumba."

Anaimirira, naika manja m'thumba. Abwana analemba lamulo limodzi lokha. Kontena inayamba kudzimanga, chida ndi chida, mwadongosolo lomwe lija la m'kope. A Musakhudze anaiona ikuchita yokha zimene iwo ankachita masiku awiri, tiyi ali pambali, anthu akuwadikira. Anayang'ana wotchi.

Mlamu analowetsa mutu pakhomo. "Alamu, afika pa polo. Ndawanyengerera, akuti alibe mlongo wokwatiwa kuno."

Folo koloko ndendende mababu anazima, fani ya kudenga inazungulira kangapo n'kuima. Bokosi la mabatire linayamba kulira. Intaneti inapita, ndipo Kalaliki anapita nayo, koma ndondomeko sinkamufunanso. Laputopu inapitiriza pa batire lake. Mphindi zinayi, kenako inalemba kuti yatha.

Abwana anadina kuti asindikize. Pulinta inali yozima.

Bokosi la mabatire linali ndi soketi imodzi yogwira ntchito, ndipo munali pulagi ya kompyuta ya pakona. Onse anayang'ana pamenepo.

"Tikhoza kukayesera kwina," anatero abwana. "Koma pobwera tidzapeza mabatire atha. Amangosunga ola limodzi."

"Sikana ikapanda kulira, kompyutayi ndidzaifunanso."

"Mudzaifuna Lolemba, itazima kale. Kusiyana kwake n'kotani?"

Panalibe kusiyana. A Musakhudze anatulutsa manja m'thumba, nakhala pa mpando wawo. Anatseka mapulogalamu imodzi imodzi, mwaulemu, nauza kompyuta kuti izime. Inachedwa. Disiki inagogoda kawiri, fani yake inaleka, ndipo pakona panakhala bata limene anali ataliiwala. Anagwada, anazula pulagi, analowetsa ya pulinta. Maondo analira podzuka.

Kapepala kanatuluka kakutentha. Anatambasula dzanja kuti atenge sikana, koma abwana anali ataitenga kale. Analozetsa okha.

Tii.

Anasindikiza kena. Tii. Anafafaniza kontena yonse, naimanganso kuchokera pa ndondomeko, ndipo onse anadikira mphindi 18 mu ofesi yotentha, bokosi la mabatire likulira. Tii.

Enawo anayamba kulongedza zikwama. Mlamu anadutsa ndi waya paphewa, anafunsa ngati makasu akufunikabe. A Musakhudze anatseka kope lofiira, naliika m'chikwama. Ankadikira mawu owachotsa ntchito. Anali atawakonzekera kuyambira fili koloko, ndipo anali ataganizanso mmene akawafotokozere akazi awo mlamu asanawatsogolere.

Abwana anatsegula tsamba lopanda kanthu pa laputopu.

"Pali zinanso zimene simunalembe?"

Anaganiza zonama. Analibe mphamvu zake.

"Ziwiri. Za seva, kompyuta yaikulu ya ku labotale."

"Mukuzikumbukira?"

"Chimodzi."

"Khalani pansi. Batire latsala theka. Tiyambe ndi chimene mwaiwalacho."