Tsiku limene ndinafunsa apongozi anga za mkodzo

Ndivomere poyera: ine ndinalephera mayeso a unamwino chifukwa cha manyazi. Si umbuli ayi, kuwerenga ndinkawerenga mpaka maso kufiira. Manyazi basi! Lero nkhaniyi ndimaisimba ndikuseka, koma inu owerenga, makamaka amene muli pa sukulu ya unamwino, musangoseka, mutolepo kanthu.

Mayeso ake anali ofunsa mbiri ya wodwala. Amakupatsa wodwala weniweni m'wodi, iwe nkumamufunsa chamubweretsa, chinayamba liti, anadwalapo chiyani kale, akumwa mankhwala anji, kumtundu kwawo kuli matenda otani. Aphunzitsi amaima pambali nkumachonga. Mafunsowo ine ndinali nditaloweza ngati nyimbo ya kwaya, poti ku hositelo tinkayeserera tokhatokha atsikana.

Tsikulo anandipatsa bambo wachikulire, wa ndevu zoyera, atavala kofiya. Nditangowaona ndinazindikira kuti anali ngati apongozi anga aamuna. Ine kwathu ndi ku Ntcheu koma ndinakwatiwa ku Lungwena, kunyanja, ndipo apongoziwo ndinali ndisanawayang'anepo kumaso. Moni ndinkawapatsa nditagwada chapatali. Ndiye nditafika pa mafunso a mkodzo, chimbudzi ndi zam'banja, ndinangoyang'ana pansi. Ndinawalumpha onsewo, ndikuthokoza mwaulemu, ndikutuluka. Kumeneko ndiye kunali kugwa kwanga, pakuti bambowo anabwera kuchipatala chifukwa cha vuto la mkodzo lomwelo. Aphunzitsi anandipatsa mwayi umodzi wobwereza. Ndikalepheranso, sukulu yathera pomwepo.

Ndinapita ku holide mtima uli m'malere. Ndinayamba kuyeserera pa aliyense amene ndamupeza: alamu anga aakazi, azimayi oyanika usipa pathandala, ngakhale amuna anga, amene ankangoseka mpaka ndinawachotsa ntchito. Apongozi aakazi ndi amene anandigwira. Anati iwe, wakugwetsa ndi mwamuna wachikulire, nanga bwanji ukungofunsa ife azimayi? Ine osadziwa kuti nkhani aifikitsa kwa amuna awo.

M'mawa mwake apongozi aamuna atabwera kuchokera ku mzikiti anakhala pakhonde ndi ukonde wawo nkuyamba kusoka. Kenaka ndinangomva akuitana: "Anamwino, tabwerani kuno. Lero sindine apongozi anu, ndine wodwala."

Abale inu, ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo! Ndinagwada patali, maso pansi, mawu osamveka. Iwo anandifunsa ngati ndikufunsa iwowo kapena nyerere, nkundiuza kuti ndalephera, ndibwerenso mawa. Mawa lake ndinasendera pafupi, koma azimayi a pamudzi anali atadzaza pabwalo kudzaonera mpongozi akufunsa apongozi ake. Ababa, apongozi aamunawo, anatseka pakamwa, amvekere zam'mimba mwawo sanganene pamsonkhano. Ndinachita kuimirira ndekha kubalalitsa anthu, apongozi aakazi omwe, ndipo anachoka akuseka chikhakhali. Tsiku lina ndinathamangira mafunso ndisanapereke moni wokwanira, ababa anati munthu wosafunsa za kunyumba sangamuuze za m'thupi.

Ndipo matenda ankapeka okha! Lero msana, mawa chifuwa. Tsiku lina anandiuza nkhope ili gwa kuti ali ndi pakati. Ndinaseka mpaka misozi, ndipo kanali koyamba kuseka pamaso pawo. Koma ndikafika pa mafunso ovuta aja, ndinkazungulirabe ngati bwato lopanda nkhafi, iwo nkumangopukusa mutu.

Holide itatsala pang'ono kutha ndinadziuza kuti lero kaya zivute bwanji. Ndinapereka moni, ndinawauza kuti zomwe tikambirane zithera pomwepa, ndinapempha chilolezo kuti ndifunse za m'kati. Kenaka ndinawayang'ana kumaso nkufunsa momveka: "Ababa, pokodza mukumva bwanji? Mkodzo ukuoneka bwanji?"

Anasiya kusoka. Ine ndinaganiza kuti ndalakwa. Ndiye anayankha motsitsa mawu: "Izi si zamasewera, mwanangu. Ndikumaona magazi, kuyambira nthawi ya mphepo ya mwera ija."

Inu owerenga, munthu ameneyu tinkakhala naye pamudzi tsiku ndi tsiku, ana ake ali pomwepo, koma panalibe yemwe ankadziwa. Ankati asodzi ambiri zimawachitikira, komanso akanayambira pati kuuza munthu? Ine manyazi anandithera pomwepo. Ndinafunsa zonse mpaka kumapeto, osalumpha ngakhale limodzi. M'mawa amuna anga anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala, komwe atawayeza anapeza kuti ndi likodzo. Anawapatsa mankhwala, ndipo pamene ndinkabwerera kusukulu anali atayamba kale kupeza bwino.

Pa mayeso obwereza anandipatsanso bambo wachikulire, ngati anachita kupangana. Ndinatseka katani, ndinakhala pansi pafupi nawo, tinalonjerana bwinobwino. Mafunso aja anatuluka okha, ndipo bambowo anayankha mosavuta, chifukwa anaona kuti wofunsayo sakuchita manyazi. Zotsatira zitatuluka, ndinakhoza! Ndinakuwa pakhomo pa ofesi mpaka aphunzitsi anatuluka kudzaona kuti kwagwanji.

Kumudzi kunali chisangalalo chosasimbika. Anaphika mpunga wa nyama ya mbuzi, azimayi nthungululu, apongozi aakazi kuvina mpaka mpango kugwa. Ababa anangoti Alihamudulilahi, kuthokoza Mulungu, nkupita kudooko kukauza asodzi anzawo kuti namwino ameneyu anamuphunzitsa ndi iwowo. Mpaka lero amanena zomwezo, ndipo ine sinditsutsa. Anzawo angapo anatsatira kukayezetsa, ena mwa iwo ndevu zoyera mbee.

Chomwe chimandiwawa n'chakuti ndinatsala pang'ono kutaya sukulu, ndikuyesa kuti ndikuchita ulemu. Choncho inu amene mukukonzekera mayeso amenewa, musamangoyeserera pa anzanu a msinkhu wanu, amene amayankha musanamalize n'komwe funso. Pitani kwa munthu amene mumamuopa, amalume anu, apongozi anu, mumupemphe akhale wodwala wanu. Perekani moni wokwanira, chotsani anthu oonerera, pemphani chilolezo, kenaka funsani mosazungulira. Funso limene inu mukuchita nalo manyazi, wodwalayo akuchita nalo manyazi kuposa inu, ndipo akudikira kuti wina ayambe. Mukapanda kuyamba inuyo, abwerera nalo kunyumba.